Goloboyi Amene Dziko Lake Lidakana Kumukhululukira



Sabata ino tiyeni tisinkhesinkhe za Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, lija limatiletsa kunamizira mnzathu. Ambiri a ife tidaliloweza tili ana m'kalasi ya katekisimu, ndipo timaliona ngati lamulo la kukhoti, lokhudza mboni zoima pamaso pa woweruza. Koma Mpingo umatiphunzitsa kuti lamuloli limateteza chuma chimene munthu aliyense amayenda nacho tsiku ndi tsiku, ndicho mbiri yake yabwino. Ndipo lilipo bwalo lina kumene milandu imagamulidwa Loweruka ndi Lamulungu lililonse, popanda mboni ndi popanda apilo. Bwalo limeneli ndi la mpira wa miyendo. Oweruza ake ndife ochemerera, ndipo amene amazengedwa mlandu kawirikawiri ndi goloboyi.

Kuti timvetse bwino kulemera kwa chigamulo cha ochemerera, tiyeni tione moyo wa munthu mmodzi wa ku Brazil, Moacir Barbosa, amene adabadwa mu 1921 ndi kumwalira mu 2000.

Tsiku la 16 Julaye 1950

Mpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse wa chaka cha 1950 udachitikira ku Brazil. Chaka chimenecho kudalibe masewero otsiriza monga tikuwadziwira lero. Matimu anayi amene adatsala, Brazil, Uruguay, Spain ndi Sweden, adasewera aliyense ndi mnzake, ndipo wopeza mapointi ambiri ndiye adali mwini chikho. Brazil idakwapula Sweden ndi zigoli 7 kwa 1, kenaka idathambitsa Spain ndi zigoli 6 kwa 1. Uruguay idalepherana ndi Spain 2 kwa 2, ndipo idagonjetsa Sweden movutikira 3 kwa 2. Choncho pamene Brazil ndi Uruguay adakumana pa tsiku lomaliza, eni dziko ankangofunika kufanana mphamvu ndi alendowo kuti chikho chikhale chawo.

Masewerowo adachitikira pa bwalo la Maracanã mumzinda wa Rio de Janeiro, bwalo latsopano lomangidwira mpikisano womwewo. Anthu oposa 170,000 adalipira pakhomo, ndipo ambiri amati onse pamodzi adayandikira 200,000. Nyuzipepala ina idali itasindikiza kale chithunzi cha osewera a Brazil ndi kuwatchula akatswiri a dziko lonse. Meya wa mzindawo nayenso adawalankhula ngati anthu opambana kale, woimbira asadaimbe wezulo.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Friaça adagoletsa chigoli cha Brazil. Pa mphindi ya 66, Alcides Ghiggia wa Uruguay adathamanga ndi mpira cha kumanja, nadutsa wotchinga kumbuyo dzina lake Bigode, naupereka pakati kwa Juan Schiaffino amene adabweza chigolicho. Pa mphindi ya 79, Ghiggia adadutsanso Bigode yemweyo, pamalo pomwepo. Barbosa, pokumbukira zimene zidachitika mphindi 13 zapitazo, adasuntha pang'ono kuyembekezera kuti mpirawo uperekedwanso pakati. Ghiggia adaona kampata pakati pa goloboyi ndi mzati, naumenya pansipansi. Mpira udalowa. Bwalo lonse lidati zii, ndipo Uruguay idatenga chikho ndi zigoli 2 kwa 1.

Kusuntha kumene kudasiya kampatako kudali kwa phazi limodzi kapena awiri. Pa mapazi amenewo ndi pamene dziko la Brazil lidayezera moyo wonse wa munthu wa zaka 79.

Zimene zidaiwalika

Barbosa adali goloboyi wa timu ya Vasco da Gama pa nthawi imene timuyo idali yoopsa m'dera lonse la South America. Mu 1948 adathandiza Vasco kutenga chikho cha matimu akatswiri a m'deralo ku Santiago, m'dziko la Chile, ndipo pa masewero omaliza adatseka golo lake osalola chigoli pamaso pa River Plate ya ku Argentina, timu imene munali Alfredo Di Stéfano. Mu 1949 adatenga chikho cha mayiko a South America ndi timu ya dziko lake. Chikho cha ligi ya Rio de Janeiro adachikweza kasanu ndi kamodzi, komaliza mu 1958. Mu mpikisano wa 1950 womwewo, pa masewero asanu oyambirira adalola zigoli zinayi zokha. Adathyoka mwendo mu 1953, koma adachira nabwerera pagolo, ndipo adasewera mpaka 1962 ali ndi zaka 41.

Zonsezi ndi zoona, zolembedwa, ndipo aliyense akadatha kuziwerenga. Koma dzina la Barbosa likatchulidwa, anthu ankakumbukira mphindi ya 79 yokha. Iye mwini ankasimba za mayi wina amene adamuona m'sitolo patatha zaka pafupifupi 20, namuloza chala pouza mwana wake kuti uyu ndiye munthu amene adaliza dziko lonse la Brazil. Mwanayo adali asadabadwe pa tsiku la masewerowo, koma adalandira chidani ngati cholowa. Mu 1993, mkuluyu atapita ku Teresópolis kumene timu ya dziko inkakonzekera masewero, adamukaniza kuonana ndi osewera poopa kuti angawabweretsere tsoka. M'ukalamba wake ankadandaula kuti chilango chachikulu m'malamulo a Brazil pa nthawiyo chidali zaka 30 za kundende, koma iye adali atapyola kale zaka zimenezo akulipira mlandu umene sadapalamule. Adamwalira mu Epulo 2000 ku Praia Grande, ali wosauka. Akuluakulu amati mlandu suola; kwa Barbosa udamuperekeza mpaka kumanda.

Mbuzi yosenza machimo

Buku la Levitiko, mutu 16, limafotokoza mwambo wa tsiku lopepesera machimo. Mkulu wa ansembe ankasanjika manja pamutu pa mbuzi yamoyo, naulula pa iyo zolakwa zonse za Aisraele, kenaka mbuziyo ankaipirikitsira kuchipululu. Anthu ankabwerera kwawo mitima itapepuka. Mwambowo udali ndi tanthauzo lake m'chipangano chakale, ndipo yosenza katunduyo idali nyama. Choopsa ndi chakuti mtima wa munthu udazolowera kuchita mwambo womwewo pa munthu mnzake. Katswiri wina wa Chikatolika wa ku France, René Girard, adathera moyo wake akufotokoza zimenezi: kuti gulu la anthu likagwidwa ndi manyazi kapena mantha, limapeza mgwirizano poloza chala munthu mmodzi, ndipo limakhulupiriradi kuti munthuyo ndi wolakwa.

Tikayang'ana bwino tsiku lija la 1950, olakwa adali ambiri. Adalipo akuluakulu amene adakondwerera chikho asadachigwire. Adalipo atolankhani amene adasindikiza chipambano masewero asadayambe. Adalipo omwetsa zigoli amene adagoletsa 13 pa masewero awiri, nagoletsa chimodzi chokha pa tsiku lofunika. Komanso idalipo Uruguay, timu yolimba mtima yotsogozedwa ndi kaputeni Obdulio Varela, imene idapambana chifukwa idasewera bwino. Mpira usadafike kwa goloboyi umakhala utadutsa anzake khumi. Mutu umodzi susenza denga. Nanga ungasenze bwanji manyazi a mtundu wonse? Koma kuvomereza zimenezi kukadafuna kuti dziko lonse lidzifunse za kunyada kwake. Kudali kwapafupi kutchula dzina limodzi. Ndi nzeru yomwe ija ya Kayafa, yolembedwa mu Mthenga Wabwino wa Yohane mutu 11, yoona kuti kutaya munthu mmodzi ndi mtengo wotsika wogulira mtendere wa anthu onse.

Tisaiwalenso kuti mbuzi yotere sasankha mwachisawawa. Amene adasenzetsedwa kwambiri mlandu wa 1950 adali Barbosa, Bigode ndi Juvenal, ndipo onse atatu adali anthu akuda. Mtolankhani wotchuka Mário Filho, amene bwalo la Maracanã lidapatsidwa dzina lake pambuyo pake, adalemba poyera za tsankho limeneli. Kwa zaka zambiri kudafala kankhani koti munthu wakuda sadalirika pagolo, ndipo pamene Dida adakhala goloboyi woyamba wa Brazil pa Chikho cha Dziko Lonse cha 2006, anthu ambiri adakumbukira Barbosa. Chala cha gulu chimakonda kugwera amene gululo linkamupeputsa kale. Ngakhale malaya oyera amene timuyo idavala tsikulo adawayesa atsoka nawataya, ndipo kuyambira 1954 Brazil idayamba kuvala achikasu amene tikuwadziwa lero. Malaya adawasintha mosavuta, koma dzina la munthu silivulidwa ngati malaya.

Kodi tsono tisamadzudzule?

Wina angafunse kuti: kodi mpira si masewero chabe? Kodi wochemerera amene walipira pakhomo alibe ufulu wonena kuti goloboyi walakwitsa? Funsoli ndi lomveka, ndipo tiliyankhe moona mtima. Ufuluwo ulipo. Lamulo lachisanu ndi chitatu limateteza choonadi, choncho silingatilamule kunena kuti mpira umene walowa sudalowe. Nkotheka kuti Barbosa akadaima pafupi ndi mzati, mbiri ikadakhala ina. Mphunzitsi amene saonetsa wosewera cholakwa chake samukonda. Kukambirana za masewero, kutsutsana, ngakhale kusekana pang'ono, ndi mbali ya kukoma kwa mpira.

Koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, m'ndime 2477, amatchula machimo atatu olimbana ndi mbiri ya mnzathu. Loyamba ndi kuweruza mopupuluma, ndiko kukhulupirira kuti mnzathu ndi wolakwa m'makhalidwe popanda maziko okwanira. Lachiwiri ndi miseche, ndiko kufalitsa zolakwa za wina kwa anthu amene sankazidziwa, popanda chifukwa chomveka. Lachitatu ndi kusinjirira, ndiko kuipitsa mbiri ya munthu ndi mawu abodza. Tikaika mawu athu a pabwalo pa sikelo imeneyi, malire amaoneka msanga. Kunena kuti goloboyi adachedwa kudumpha ndi kufotokoza zimene maso aona. Kunena kuti wadya ndalama, wagulitsa masewero, kapena kuti ali ndi minyama, ndi kulowa mumtima mwa munthu ndi kuikamo tchimo limene sitidalione. Mawu amenewa timawamva m'mabwalo mwathu muno, kuyambira pa mpira wa m'mudzi mpaka m'mabwalo aakulu a m'mizinda, ndipo amatuluka mosavuta ngati kuti alibe kulemera. Ndime 2478 imatipempha kuti, m'mene tingathere, tizimasulira maganizo, mawu ndi zochita za mnzathu mokomera iye.

Chitsanzo china ambiri a ife tidachionera m'nyumba zoonetsera mpira. Pa 26 Meyi 2018, mumzinda wa Kyiv, Liverpool idagonja kwa Real Madrid ndi zigoli 3 kwa 1 pa masewero otsiriza a chikho cha matimu akatswiri a ku Ulaya. Zigoli ziwiri zidalowa chifukwa cha zolakwa zoonekeratu za goloboyi Loris Karius. Mnyamatayo adapita kwa ochemerera akulira, napepesa. Usiku womwewo ena adamutumizira mauthenga omuopseza kuti amupha. Patangopita masiku ochepa, madokotala a ku Boston adamupima napeza kuti adagwedezeka ubongo pa masewerowo. Adali atagundidwa m'mutu chigoli choyamba chisadalowe. Chigamulo chidali chitaperekedwa kale, umboni udabwera pambuyo, ndipo ndi ochepa amene adabwerera kukakonza zimene adanena. Barbosa ankalozedwa chala m'sitolo. Goloboyi wa lero amalozedwa ndi zala mamiliyoni pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo kakanema ka cholakwa chake sikatha ntchito.

Mmene Mulungu amakumbukirira

Chenicheni chimene tikutsutsa ndi chizolowezi choyeza munthu yense ndi mphindi yake yoipitsitsa. Womwetsa zigoli akaphonya kasanu nagoletsa kamodzi, timamunyamula pamapewa. Goloboyi akagwira mipira isanu ndi inayi naphonya umodzi, timamukuwiza. Ntchito yake ikayenda bwino palibe chooneka, chifukwa chigoli chimene chaletsedwa sichilembedwa pabolodi. M'moyo muli anthu ambiri otere: mayi amene wasunga banja zaka 30 osayamikidwa, namwino wa usiku, mlonda, msungichuma wa mphakati. Timawazindikira tsiku lokhalo limene china chawapulumuka m'manja.

Malembo Oyera amationetsa njira ina. Petulo adakana Ambuye katatu pa usiku umene adafunika kwambiri. Chikhala kuti mlandu wake udagamulidwa ndi ochemerera, bwenzi mpaka lero akudziwika ndi dzina la tambala. Koma pa mutu 21 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, Yezu wouka kwa akufa adamufunsa katatu za chikondi chake, namupatsa nkhosa zake kuti aziwete. Ambuye sadabise cholakwacho, poti mafunso atatu aja ankaloza kukana kutatu kuja. Adangokana kuti cholakwacho chikhale dzina la munthuyo. Ndipo adamubwezera pamalo pomwepo pamene adagwera, pa udindo wolondera.

Taonaninso Tomasi. Ife akhristu tomwe tidamupatsa dzina loti wokayika, ndipo takhala tikumuitana choncho kwa zaka pafupifupi 2,000. Timaiwala kuti pamene ophunzira ena ankaopa kubwerera ku Yudeya, Tomasi ndiye adalimbikitsa anzake kuti apite akafere limodzi ndi Mphunzitsi wawo. Timaiwala kuti ndi iye amene adavomereza momveka bwino koposa kuti Yezu ndi Mulungu. Ngakhale mtumwi sadapulumuke ku chizolowezi chathu chosunga sabata imodzi ya kufooka ndi kutaya zina zonse.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri Woyera, amene adayendera dziko lathu la Malawi mu Meyi 1989, ali mnyamata kwawo ku Wadowice m'dziko la Poland ankasewera mpira, ndipo malo ake adali pagolo. Mu 1983 adapita kundende kukacheza ndi Mehmet Ali Ağca, munthu amene adamuwombera ndi mfuti mu 1981. Ngati munthu wowombera Papa adaonedwa kuti ndi woposa tchimo lake, koposa kotani goloboyi amene mpira wamupitirira, chimene si tchimo konse?

A Barbosa a pakati pathu

Nkhaniyi yachokera kutali, koma ikutigogodera pakhomo. M'parishi iliyonse muli anthu amene akusenza mphindi yawo ya 79. Alipo mtsikana amene adatenga pathupi ali mu kwaya, ndipo mwana wake wafika kale ku sekondale koma mayiyo akalowa m'tchalitchi anthu amakodolanabe. Alipo mnyamata amene adachoka ku seminale, amene mpaka lero amamutchula dzina lomunyodola. Alipo msungichuma wa gulu la achinyamata amene kamodzi kokha mabuku ake sadagwirizane, ndipo ngakhale adabweza ndalamazo sapatsidwanso udindo uliwonse. Alipo amene adatuluka kundende, boma lidamumasula koma mudzi ukumumangabe. Ndipo alipo mnyamata wa timu yathu ya parishi amene adalola chigoli pa mpikisano wa madinale, nalandira dzina limene lamuphimbira dzina lake la ubatizo.

Mpingo umene umalalika Sakramenti la Kulapa suyenera kukhala malo amene zolakwa zimasungidwa nthawi yaitali kuposa m'ndende za boma. Ngati wansembe, m'dzina la Khristu, wanena kuti munthu wamasulidwa, ife ndife yani kuti timubwezere unyolo pa khomo la tchalitchi? Tikumbukire mwambi uja woti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Palibe mmodzi mwa ife amene angakonde kuti moyo wake wonse uweruzidwe ndi tsiku limene adafooka kwambiri.

Katekisimu, m'ndime 2487, amapitirira apo. Amati aliyense amene walakwira chilungamo ndi choonadi ali ndi udindo wokonza zimene waononga, ngakhale atakhululukidwa kale, ndipo udindowu umakhudzanso mbiri ya mnzathu. Kusiya kunena sikukwanira. Amene adaipitsa dzina poyera ayenera kuyesetsa kulikonza poyera. Pa gulu la WhatsApp pomwe tidaseka munthu ndi pomwe tiyenera kunena zabwino zake.

Ndipo kukonzako kuchitike mwini wake ali moyo. Pa 8 Julaye 2014, Brazil idagonja kwa Germany ndi zigoli 7 kwa 1 ku Belo Horizonte, pa Chikho cha Dziko Lonse chimene idachititsanso kwawo. Pamenepo ambiri m'dzikomo adayamba kunena kuti timu ya 1950 idagonja mwaulemu, ndi kuti Barbosa adalakwiridwa. Mawuwo adali oona, koma adafika patatha zaka 14 mwini wake ali m'manda. Nafenso timadziwa kuyamikira munthu pa maliro, bokosi lili patsogolo pathu. Nkhata za maluwa sizimva, ndipo wogona m'bokosi sangatonthozedwe ndi mbiri yabwino imene tidamumana ali moyo.

Mpira tiziukonda ndithu, tizichemerera ndi mawu onse, ndipo goloboyi akalakwitsa tizinena kuti walakwitsa. Koma wezulo womaliza akalira, mlanduwo uthere pomwepo, ndipo munthuyo apite kwawo ndi dzina lake lathunthu.

Mafunso okambirana m'magulu ndi m'miphakati sabata ino

1. Kodi m'dera lathu ndi ndani amene timamudziwa ndi cholakwa chimodzi chokha? Tingatchule zabwino zitatu za munthu ameneyo?
2. Gulu lathu likalephera pa ntchito ina, kodi timagawana udindo, kapena timafunafuna woti timusenzetse?
3. Kodi alipo munthu amene tingamubwezere mbiri yake sabata ino, pamalo pomwepo pamene idaonongekera?

Tiwerenge: Levitiko 16:20-22, Yohane 21:15-19, Yakobo 3:1-12.

Tipemphere

Ambuye Yezu, Inu mudasenza zolakwa zimene sizidali zanu, ndipo mudabwezera Petulo ulemu wake atagwa. Tiphunzitseni kuona anzathu monga muwaonera Inu. Londerani pakamwa pathu ndi zala zathu, kuti tisaphe dzina la munthu aliyense. Tonthozani onse amene akusenza manyazi a zaka zambiri, ndipo mutipatse kulimba mtima kowalandiranso pakati pathu akadali moyo. Amen.